Dzina la achemwali anga latuluka m'nyuzipepala

Loweruka lapitali nthano yanga inatuluka m'nyuzipepala. Musafulumire kundiyamikira, yambani mwamva.

Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikutumiza nthano zanga kwa akonzi a ku Blantyre, iwo ali duu. Ndiye m'mawa umenewo, wogulitsa nyuzipepala pa Boma pano atanditambasulira tsamba ine n'kuona dzina langa, nzeru zinandithawa. Ndinagula makope atatu. Ndinajambula tsambalo pa foni n'kuliponya pa gulu la kuntchito, pa gulu la kutchalitchi, ndi pa gulu la abale a kwathu ku Thambani. Kuwerenga? Ndiwerengerenji nthano yolemba ndekha?

Pasanathe ola msuweni wanga anandiimbira.

"Achimwene, koma nkhani mwatumizayi mwaiwerenga?"

"Iwe, ndinalemba ndine," ndinatero ndikuseka.

"Oo. Ndiye kuti mwachita dala."

Anadula foni. Ndinatambasulanso tsamba lija, ndipo pa mzere woyamba penipeni panali dzina la achemwali anga. Dzina lawo lenileni, la amuna awo, la mudzi wathu, ngakhale mayina a ana awo. Ndinakhala pansi pakhonde la sitolo ya eni ake.

Ndikuuzeni m'mene ndimalembera. Ndikamayamba nthano ndimaika mayina enieni a anthu amene ndatengako nkhaniyo. Ndikampatsa munthu dzina lopeka kuyambira pachiyambi amauma, salankhula. Ndikalemba dzina lake lenileni ndimamumva mawu ake, ndi katsokomoledwe komwe. Ndikamaliza m'pamene ndimasintha mayina, mudzi, ntchito, mpaka mwini wake sangadzizindikire. Njira imeneyi ndimainyadira, ndipo ndaphunzitsako anzanga angapo.

Nthanoyi ndi ya mayi amene mwamuna wake anapita ku Tete kukayendetsa thiraki n'kukakwatira komweko. Kwa zaka zitatu mayiyo amauza aliyense kuti bambo abwera ntchito ikachepa. Mayiyo ndi achemwali anga, a bere limodzi. Anandiuza chaka chatha tikukonola chimanga pakhonde, ine ndekha, n'kundipempha chinthu chimodzi: ana asamve mpaka mwana wawo wamkulu, mtsikana, atalemba mayeso a Fomu 4. Mayesowo sanalembe. Ndipo mtsikanayo ali pa gulu la abale lija.

Musati ndikuulula chinsinsi pano. Ndinaulula kale Loweruka, kwa dziko lonse, n'kugawanso ndekha ndi manja angawa.

Zinatheka bwanji? Mu laputopu yanga muli fayilo yotchedwa "Tete". Mulinso "Tete yomaliza", "Tete yomaliza 2", "Tete yomaliza yeniyeni" ndi "Tete yotumiza". Zina zili pa fulashi, zina ndinadzitumizira pa foni, sindikumbukanso liti. Tsiku lotseka kulandira nthano magetsi anazima kuyambira m'mawa, laputopu n'kutha moto. Ndinatsegula foni, ndinaona "Tete yomaliza", ndinatumiza. Sindinaitsegule. Inali yomaliza ya mwezi wa Malichi, mayina ndisanasinthe.

Magetsi ndawatukwana mokwanira, koma si iwo anatumiza.

Ife olembafe, tikakumana, timadziwa kudandaula. Akonzi sayankha. Amatulutsa za anzawo okhaokha. Ife a kumaboma akutali satiwerengera. Zina mwa izo n'zoona. Koma funsani mlembi mnzanu kuti nthano yake yakutiyakuti anaitumiza kuti, liti, ndipo anatumiza iti mwa zisanu zija. Ayamba kukanda m'mutu. Ena timatumiza nthano imodzi kwa mkonzi yemweyo kawiri, n'kumadabwa kuti watikwiyira chiyani.

Choipa n'chakuti chisokonezo chimenechi timachiyesa luso. Timati mlembi weniweni sasunga zinthu m'malo, zimenezo n'za makalaliki. Ine ndine kalaliki, abale. Kuntchito mafayilo a boma ndimawasanja bwinobwino, munthu akafuna kalata ya zaka zisanu zapitazo ndimaitulutsa asanakhale pansi. Koma moyo wa mlongo wanga ndinausunga ngati zovala zakuda kuseri kwa chitseko.

Palinso njala ija yofuna kuona dzina lako litasindikizidwa. Ukakanidwa zaka ziwiri umafika poti chilichonse chingotuluka basi. Njala imeneyo ndi imene imakudzutsa kuti ulembe, sindikukana. Koma ndi yomweyonso imene inandichititsa kuti ndione dzina langa lokha pa tsamba lodzaza ndi mayina a abale anga.

Tsopano ndagula kope lachikuto cholimba. Nthano iliyonse ili ndi tsamba lake: inapita kuti, tsiku liti, anayankha chiyani. Fayilo ndi imodzi, zakale ndafufuta. Ndisanatumize ndiziwerenga mokweza kuyambira mutu mpaka kadontho komaliza. Zabwino zonsezo, ndipo inu olemba anzanga chitani lero. Koma kopelo silinandiyankhe funso limene likundivuta: ndikanasintha mayina aja, ndiye kuti sindinalakwe? Achemwali anauza mlongo wawo, sanauze mlembi. Ndinawapempha liti chilolezo? Inu amene mukulemba za azakhali anu, za mnzanu wa kuntchito, mwangosintha dzina basi, mwawapempha?

Lachiwiri ndinapempha tchuthi n'kukwera pikapu ya ku Thambani. Njira yonse ndimakonza mawu opepesera. Ndinali wokonzeka kutukwanidwa, chifukwa achemwali anga pakamwa sawachepetsa. Kuyambira tili ana, ndikangofika saima n'komwe: amayamba kundiuza za mbuzi, za mwendo ukuwawa, za amene wawayankha mwano kuchigayo, ine chikwama chidakali paphewa.

Ndinawapeza akusenda mtedza. Anadzuka, analowa m'nyumba, anatulutsa mpando uja amakhalira abusa akabwera. Iwo anakhala pamphasa, chapatali.

"Mwayenda bwanji?"

"Achemwali, ndabwera kudzapepesa. Ndinalakwitsa fayilo, ndimafuna kutumiza ina yosintha mayina."

"Oo, inaliponso ina," anatero. "Zilipo zingati?"

Ndinafunsa za mtsikana uja. Anati kuyambira Lolemba sanapite kusukulu, ali m'chipinda, akuti anzake onse awerenga. Anazinena mosakweza mawu, maso ali pa mtedza.

"Ndingalankhule naye?"

"Wagona."

Anandipangira tiyi m'kapu ya alendo. Tinakamba za mvula, kuti chaka chino ikhoza kuchedwa. Tinakamba za msewu. Dzuwa litapendeka anandiperekeza mpaka pa mtengo wa mango, malire amene amaperekezera anthu a kutchalitchi. Pamenepo ndinalimba mtima.

"Achemwali, ndiuzeni zoona. Zinthu zili bwanji pakhomo pano?"

Anandiyang'ana bwinobwino, kenako anayang'ana thumba la malaya anga, pamene ndimakoleka cholembera.

"Tili bwino, achimwene," anatero. "Muyende bwino."