Mmene Ndinaphonyera Gule Mwadala

Ndili mtsikana ndinkavina, ndipo sindikunena modzitama. Pa ukwati wina ku Nachisaka amayi achikulire anasiya chimtali chawo n'kuima kumandionerera, wina mpaka anandimangirira mpango wake m'chiuno. Luso limeneli ndi limene linatsala pang'ono kunditayitsa sukulu chaka chimene ndinali mu Sitandade 8.

Zinali m'zaka zija za chipani chimodzi. Sukulu yathu inali pa mtunda wina kufupi ndi Mvera, pomwe mwezi wa Meyi ukafika mphepo imalowa pa mawindo opanda magalasi n'kukuumitsa zala, pensulo osagwirika. Bambo anali atandiuziratu kuti mayeso ndilemba kamodzi kokha. "Ukalephera, khasu lako lili pakhonde paja," anatero. Sanali ankhanza ayi, koma kumbuyo kwanga kunali ana asanu, ndipo zobwereza kalasi ankazisungira anyamata. Kuti munthu asankhidwe kupita ku sekondale pankafunika masamu, ndipo aliyense ankadziwa kuti atsikana ambiri ankagwera pomwepo.

Aphunzitsi athu anali bambo woonda, wa jekete imodzi yotuwa, wosachedwa kupsa mtima. Aphunzitsi ena nthawi ya masamu ikakwana ankatuma atsikana kukawatungira madzi kunyumba zawo, ati n'kale lomwe samvapo kanthu. Athuwa ankadana nazo. Anatichotsa kumbuyo kumene tinkabisala n'kutikhazika pa benchi yakutsogolo, ndipo mnyamata akaseka mtsikana ali pa bolodi ankamupatsa choko kuti amalize yekha. "Masamu saona kuti wogwira pensulo wavala diresi kapena kabudula," ankatero.

Pa benchipo ndinkakhala ndi mnzanga wina wochokera ku mapiri a ku Ntchisi, amene ankasungidwa ndi amalume ake. Anali wamfupi, wofatsa, wolankhula ngati akupepesa. Pa masamu ankandiposa, ndipo zinkandiwawa. Ine ndikamalimbana ndi mafulakishoni, iye amakhala atamaliza kalekale, akuotha zala m'khwapa.

Tsiku lina la Lolemba, masamu ali mkati, pakhomo panaima amayi awiri ovala nsalu za chipani. Wamkulu wawo, amene tonse tinkawatcha atcheya, sanaodire n'komwe. Anati pakufunika atsikana khumi ndi awiri okavina pa chikondwerero cha mu Julaye pamaso pa mtsogoleri wa dziko. Kukonzekera kunali m'mawa uliwonse pa bwalo la pa msika, kenaka masabata awiri kukagona ku boma. Pobwera kumeneko mayeso akhala atatsala masiku owerengeka.

Anatiimika panja, a Sitandade 7 ndi a 8 pamodzi, n'kuyamba kusankha ataliatali. Ine sanandiyeze n'komwe.

"Iwe wa ku ukwati kuja, bwera kuno. Ameneyu ndiye atitsogolere."

Mnzanga anamudumpha chifukwa cha kufupika. Ndinayang'ana aphunzitsi. Anali atazyolika, akupukuta choko m'manja ngati chakakamira.

Amene sanakhaleko nthawi imeneyo amafunsa kuti bwanji sitinangokana. Ndimawaseka. Kukana gule wa chipani kunali kuukira boma, ndipo mlandu sunkathera pa wokanayo. Mphunzitsi wina wa sukulu yoyandikana nafe anangodandaula pa mowa kuti ana sakuphunzira, m'mawa mwake galimoto inabwera, sitinamuonenso. Bambo nditawauza anangoti, "Ukavine. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu." Mayi anasangalala kwenikweni, poti ovina ankapatsidwa nsalu.

Ndinavina masiku atatu. Pa bwalo la pa msika sukulu inkaonekera, ndipo belu la masamu likalira ndinkadziwa kuti anzanga akuyamba popanda ine. Masana ndinkakopera za mnzanga, koma kukopera yankho si kumva. Aphunzitsi anali atayamba za liwiro ndi mtunda, ine osadziwa kumene nambala zikuchokera.

Lachinayi ndinatsalira kusesa m'kalasi. Aphunzitsi anali pa tebulo akuchonga makope, ndipo analankhula osadzutsa mutu.

"Ine ndili mwana ndinkafuna kwambiri kuimba m'kwaya. Anandichotsa tsiku lachiwiri. Ndinkaphonya."

Ndinaima ndi tsache m'manja.

"Munthu wophonya salimbana naye, amangomubweza m'kalasi," anatero. Kenaka anayang'ana kuchitseko, natsitsa mawu. "Ine sindinakuuze kanthu. Sesa bwino m'ngodyamo."

Ndinamva zimene ankanena, ndipo ndinachita mantha. Vuto linali lakuti atcheya ankandidziwa. Munthu amene anamuona akuvina pa ukwati sangasanduke chitsa m'sabata imodzi popanda kufunsidwa kuti wamutuma ndani. Komanso thupi limakana. Ndinayesa kuseri kwa nkhokwe kuphonya mwadala, koma nyimbo ikangolowa m'mutu miyendo inkadzipezera yokha njira yolondola.

Amene anapeza nzeru anali mnzanga uja. Ndinamuuza tikuweruka, pa njira yodutsa m'minda ya chimanga chouma, titaonetsetsa kuti kumbuyo kulibe munthu. Anakhala pansi n'kutola timiyala.

"Gule wanuyu amayenda bwanji?"

Ndinamuonetsa: mapazi atatu kutsogolo, pa chinayi kuomba m'manja n'kutembenuka.

"Ukamaphonya malo amodzimodzi akugwira, chifukwa wosadziwa kuvina saphonya mwadongosolo," anatero. "Usamvere ng'oma. Iwo akuwerenga zinayi, iwe uziwerenga zisanu mumtima."

Anandanda timiyala m'mizere iwiri, wina wa zinayizinayi, wina wa zisanuzisanu. Ndinaona ndi maso anga kuti kuomba kwanga kuzigwera pena msanga, pena mochedwa, kusinthasintha malo, ndipo pa mwala wa makumi awiri tizikumana n'kuombera limodzi.

"Pamenepo uzimwetulira ngati wapeza," anatero. "Kenaka uzitayanso."

Tinaseka, koma chinali chiseko chouma. Ndinamupempha kuti Lolemba lotsatira adzabwere ku bwalo pa nthawi ya buleki, adzangoima pomwe ndingamuone, chifukwa ndekha ndinkaona kuti sindilimba mtima. Anavomera. Ndinali ine amene ndinamuitanira kumeneko, ndipo mfundo imeneyi sindinaibisepo kwa ine mwini.

Lolemba kunacha ndi chifunga. Pa bwalo panali oimba ng'oma awiri, amayi a chipani angapo, ndi achinyamata atatu a chipani a malaya ofiira amene ankakhala pa khonde la sitolo kuyang'anira amene sanabwere. Ine ndinali kutsogolo kwa mzere. Ng'oma itayamba ndinatseka makutu a mumtima n'kuyamba kuwerenga. Modzi, wiri, tatu, nayi, sanu. Ndinaomba ndekha, anzanga atatembenuka kale. Amene anali kumbuyo kwanga anandigunda.

"Iwe, wagona kodi?" anatero atcheya.

Tinayambiranso. Ndinaphonya, ndinaphonyanso, ndinapeza kamodzi n'kumwetulira, n'kutayanso. Palibe ntchito imene inandilemerapo ngati imeneyo. Ng'oma inkandikoka m'chiuno, ine ndikukakamira nambala, thukuta likutsika ngakhale kunali kozizira. Belu la buleki litalira ndinaona mnzanga waima pansi pa mtengo wa bulugamu, manja m'khwapa.

Ulendo wachinayi atcheya anakweza dzanja, ng'oma n'kuleka. Anabwera pafupi mpaka ndinamva fungo la sopo wa nsalu yawo.

"Milomo yako ikugwedera. Ukunena chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Ine ndinakuona ku Nachisaka ndi maso angawa. Sabata yatha umavina bwinobwino. Lero chakulowa n'chiyani? Alipo wakuuza kuti gule ameneyu ndi wopanda ntchito?"

Mmodzi wa achinyamata aja anadzuka pa khonde n'kuyamba kubwera pang'onopang'ono. Ndinaganiza za bambo. Ndinaganiza za jekete yotuwa ija ikukwera galimoto. Ndikukhulupirira kuti akanandifunsa kachitatu ndikanaulula zonse.

"Amayi, pepani."

Anali mnzanga. Anali atasendera pafupi n'kugwada pa fumbi.

"Ameneyu ndimakhala naye pa benchi imodzi. Chidwalire malungo aja a m'dzinja amachita chizungulire, makamaka kukazizira. Dzana anagwa kuchigayo. Amabisa chifukwa akufunitsitsa kukavina."

Malungo ndinadwaladi m'dzinja, mudzi wonse unkadziwa. Zakuchigayo zinali zake zopeka pomwepo, ndipo anazinena ndi mawu ake opepesa aja, maso pansi. Atcheya anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandigwira pamphumi ndi kuseri kwa dzanja.

"Bwanji osanena? Ukufuna ukatigwere pamaso pa anthu, utichititse manyazi boma lonse la Dowa? Choka, bwerera ku sukulu."

Mnyamata uja anabwerera pa khonde lake. Ndinatembenuka kuti tizipita. Mnzanga ankadzuka, akusasa fumbi m'mawondo.

"Iwe dikira," anatero atcheya. "Iwe wodziwa kulankhulawe. Taima apa tione."

"Ine ndine wamfupi, amayi."

"Wamfupi alibe miyendo? Mzere wafuna anthu khumi ndi awiri. Lowa kumapetoko."

Aphunzitsi ndi ine tinkaganiza kuti wina akachoka adzatenga wa Sitandade 7, amene anali ndi chaka china patsogolo. Sitinaganize kuti atcheya sangavutike kukwera mtunda kukasankha, munthu ali pomwepo. Ng'oma inayamba. Mnzanga sakanatha kuwerenga zisanu, chifukwa atsikana awiri a benchi imodzi kuphonya tsiku limodzi kukanakhala umboni wokwanira kutitengera tonse pamodzi ndi aphunzitsi. Iye anazindikira zimenezi msanga kuposa ine, monga mwa masiku onse. Anaponda katatu, naomba pa chinayi, natembenuka molondola. Sanandiyang'ane.

Ndinakwera mtunda ndekha. Nditalowa m'kalasi aphunzitsi anasiya kulemba, nkhope yawo n'kuwala pang'ono. Kenaka anayang'ana kumbuyo kwanga, nayang'ana pa benchi.

"Mnzako ali kuti?"

"Amutenga."

Atatembenukira ku bolodi analakwitsa kuchotsera kophweka, mpaka mnyamata wina anawakonza, iwo osamukalipira.

Masabata otsatirawo ndinkamupititsira kope langa madzulo alionse. Ankafika atatopa, ndipo kwa amalume akewo kunkamudikira mtondo ndi mitsuko. Ankawerenga ataimirira, musi uli m'manja, nthawi zina n'kundionetsa pamene ine ndalakwitsa. Kenaka lole inabwera kudzatenga ovinawo kupita nawo ku boma, ndipo masabata awiri amenewo ndi amene aphunzitsi anatibwerezetsa mapepala a mayeso akale, m'mawa ndi masana. Mnzanga anabwerako ndi nsalu yake ndi chifuwa chogonera pa simenti. Tsiku la masamu analemba akutsokomola, ndipo ndinamuona atagoneka mutu pa desiki nthawi isanathe.

Mayina atatuluka, langa linalipo. Pa atsikana a sukulu yathu ndinali ndekha. Aphunzitsi anapita kawiri kwa amalume a mnzanga kukapempha kuti abwereze, mpaka ananena kuti mwana wotere sanamuphunzitsepo chiyambire ntchito. Amalumewo anati anamusunga mokwanira, ndipo asanabzale fodya anamubweza kwawo ku Ntchisi. Ine ndinali nditapita kale ku sekondale.

Ndaphunzitsa masamu moyo wanga wonse, ndipo pa sukulu zonse zimene ndinagwirako ndinkadziwika kuti ndine mayi wamwano. Munthu akaima pakhomo la kalasi langa kuti abwereke atsikana okalandira alendo kapena okaphika ku msonkhano, ndinkamuuza kuti atenge anyamata, kapena adikire belu. Ena ankanditcha dzina loipa kuseri. Sizinkandikhudza.

Chimene chimandikhudza n'chakuti mnzanga uja sindinamuthokoze. Madzulo onse aja ndinkamupatsa kope pa mtondo, amalume ake ali pafupi, ndipo kunena kuti zikomo kukanakhala kuvomera kuti panali chinthu chimene tinachita. Ndinkati ndidzanena zinthu zikadzasintha. Zinasinthadi, ine ndili kale ndi ana anga. Ndinakwera basi kupita ku Ntchisi, ndinafunsa m'midzi itatu, ndipo mayi wina wokalamba anandiuza kuti anakwatiwa kutali, ku maesiteti a fodya, koma sankadziwa kuti esiteti yake ndi iti.