Khadi la ufa la bambo anga

Bambo anga ankakhulupirira pepala lokhala ndi chidindo kuposa momwe ankakhulupirira anthu. Sankadziwa kuwerenga, ndiye pepala kwa iwo linali ngati mankhwala: ukalisunga bwino, tsiku lina lidzakuthandiza. Limene ankalisamala kwambiri linali khadi lolandirira ufa ndi nyemba, la nthawi imene anathawira nkhondo ku Malawi. Linkakhala m'pulasitiki, pulasitikiyo m'chitini, chitinicho kudenga. Mwana akalikhudza, tsiku limenelo mbama inkagwa.

Ine ndinabadwira kothawirako. Nkhondo itatha tinabwerera kwathu ku Ngauma, kufupi ndi Massangulo, ndipo tinapeza munda wa mayi awo utasanduka tchire. Bambo anauswanso mphanje ndi nkhwangwa yobwereka. Tinalimamo chimanga ndi fodya mpaka ine kukula nkukwatiwa. Kenako nthaka yakumtunda inatopa, bambo nkuisiya tsala kuti ipume, monga amachitira aliyense kwathu.

M'tsalamo ndi momwe tinapezamo zikhomo zopaka utoto wofiira. Anakhoma ndi bwana wina wa ku Cuamba amene ankafuna kulima soya. Pamapu ake akuti malowo analibe mwini. Zikhomozo sizinalekere patsala, zinatsetsereka mpaka kudimba, kumene kunali nthochi zathu.

Anthu odziwa anatiuza kuti lamulo lili kumbali yathu. Munthu akalima malo zaka zambiri, anansi nkumuchitira umboni, sachotsedwa ngakhale alibe pepala. Ndinawauza bambo kuti asanyamule kalikonse, mboni ikwanira. Anavomera ndi mutu, maso ali kudenga.

Tinapalasa njinga kupita ku ofesi ina yoona za malo. Mboni yathu inali mnansi wathu, mdala amene ankaimba ndi bambo m'kwaya ya kutchalitchi. Iye sanathawe nkhondo. Mu ofesimo munali kalaliki waulemu ndithu, komanso munthu wotumidwa ndi bwana uja.

“Bambo, mashamba amenewa mwalimamo kuyambira liti?” anafunsa kalalikiyo, kunena za munda wathu.

“Chibadwire, mwanangu.”

Zikanathera pomwepo. Koma ndinaona dzanja lawo likulowa m'thumba la jekete, ndipo ndinamva pulasitiki ikukhwekhwereza. Anatambasula khadi lija pathebulo ndi manja awiri, monyadira.

“Karimbo wake ndi ameneyu, chidindo chenicheni. Sindine munthu wopanda pepala ine.”

Kalaliki anawerenga pang'onopang'ono. Wotumidwa uja anasuzumira, nkumwetulira. Anayankhula Chipwitikizi, koma ndinamva zonse: awa ndi a ku Malawi, mlendo sangakhale mwini malo. Kalaliki anapempha bilyete, chitupa chosonyeza kuti ndi nzika. Bambo analibe. Lakale linapsera m'nyumba nthawi ya nkhondo, ndipo wolima fodya salifuna bilyete kuti mbande zimere.

Kalaliki anatembenukira kwa mboni. “Agogo, kodi anachokadi awa?”

“Anachoka,” inatero mboni yathu. “Ife ndi amene tinatsala, tikugona m'phiri. Iwo akudya ufa woyera.”

Sananame, ndipo chimandiwawa ndi chimenecho. Sananenenso kuti tinabwerera, kapena kuti nkhwangwa yoswera mphanje ija inali yake. Zaka zonsezo ankaima phewa ndi phewa ndi bambo m'kwaya, ufa umenewo uli pakhosi. Ndimamuda mpaka lero, ngakhale anamwalira.

Kalaliki anati mlandu udikire mpaka zidziwike kuti bambo ndi nzika ya dziko liti. Mlandu unadikiradi, koma thirakitala sinadikire.

Pobwerera ndinawakalipira bambo panjira, mawu amene mwana sauza kholo. Ndinati atigulitsa ndi kapepala ka ufa umene tinadya kalekale. Anatsika panjinga nkuyamba kuikankha. Patapita nthawi anati, “Ndimayesa boma limakonda mapepala, mama.” Sindinapepese.

Anayenda maulendo atatu mpaka ku Mandimba kufunsa za bilyete. Kulikonse ankawafunsa pepala losonyeza kumene anabadwira, munthu wobadwira pamphasa m'munda womwewo. Ulendo wachinayi miyendo inakana. Anatsala ndi kachigawo ka munda ka kuseri kwa nyumba, ndipo m'mawa uliwonse ankakhala pamenepo kuyang'ana soya wa eni ake. Anamwalira mlandu ukudikirabe.

Pano ndimakhala ku Cuamba, ndimagulitsa mikate pasiteshoni ya sitima. Matumba a soya ndimawaona akudutsa, ndipo ndimayang'ana kumbali. Chitini chija chili kwa ine. Ndayeserapo kangapo kuponya khadilo pamoto, koma dzanja limabwerera lokha. Padziko lonse lapansi ndi pepala lokhalo limene lili ndi dzina la bambo anga, ndipo likunena kuti anali mlendo.