Jagi ya Amalume Elimo

A Elimo Tabuai anabadwira pachilumba chathu chino cha Saibai mu 1951. Anayamba kuliza belu la tchalitchi ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Atakula ankagwira nkhanu m'matope, koma nthawi ya mapemphero sinawapezepo kutali ndi chingwe. Anaika m'manda mkazi ndi ana awiri, ndipo maulendo atatu onsewo belu linalirabe m'mawa mwake.

Shuga atawononga impso zawo, madokotala a mumzinda wa Cairns anawaika kapaipi pamimba. Kanayi pa tsiku ankalowetsa thumba la madzi otsuka magazi, kenako n'kukhuthula. Namwino wathu, a Marita, sanawabisire: "Bambo, impso zanu zikadali ndi kamphamvu. Kamkodzo kameneko ndi kamene kakukusungani kwanu kuno. Kakauma, matumbawa paokha sakwanira, ndiye ku Cairns, pa makina otsuka magazi. Mapiritsi a ululu a kusitolo aja musakhudze, amawononga impso."

M'mawa uliwonse ankayeza mkodzo m'jagi ya mizere. "Anzanga akupempha kumwamba," ankaseka, "ine ndikungopempha mzere wachisanu ndi chimodzi."

Lenti ya chaka chatha mawondo anatupa, kugwada kunakanika. Ine mphwawo, mwana wa mlongo wawo, wongobwera kumene ku yunivesite, ndinati, "Amalume, Mulungu amamvanso okhala pabenchi."

"Iwe, digiri yako ija ndi ya masamu kapena ya Mulungu?"

Ndinakawagulira mapiritsi a ululu wa mawondo kusitolo. Anayang'ana paketiyo nthawi yaitali, kenako anati, "Zikomo, mphwanga." Za chenjezo la a Marita sanandiuze. Anagwada Lenti yonse. Mkodzo m'jagi unatsika: mzere wachinayi, wachiwiri, pofika Pasaka kungonyowetsa pansi.

Ndege inawatenga mu Meyi. Ku Cairns anakhala miyezi isanu ndi iwiri osadandaula. Madzulo ankandiimbira kuti ndikweze foni m'mwamba, amve belu. "Walizayo ndani? Wachedwa!" Anamwalira mwamtendere Lachiwiri masana, buku la mapemphero lili pachifuwa.

Wansembe wathu wandipempha kuti ndilembe chitsanzo chimene atisiyira. Ine sindigona ndi funso lopanda yankho, koma ili landikanika: anamwa mapiritsi aja kuti agwadire Mulungu, kapena kuti asandibwezere mphatso? Mungasankhe nokha chitsanzo chimene mungachithe.

Jagi ili kwa ine. Belu ndikuliza ine, ndipo ndimachedwa. Palibenso wondiuza.