Timiphika ta Mapepala ndi Luzi la Nthochi

Inu amene mayeso anakugwetsanipo, imvani za mtsikana uyu.

Atalephera mayeso kachiwiri, anakakhala kwa mkulu wake, yemwe anakwatiwa ndi kalipentala. Ntchito sinkapezeka. Mkulu wakeyo anamupezera malo okalera ana a eni kutali, koma iye anapempha kuti amudikire mpaka mvula itagwa. Anali atamva mayi wina wogulitsa mbande akudandaula kuti timachubu ta pulasitiki sitiwola m'munda, ndipo anaganiza zoumba timiphika toti tizibzalidwa pamodzi ndi mbandeyo.

"Zikakanika, achemwali, ndipita osawiringula," anatero.

Anatolera mapepala otayidwa, n'kuwaviika mumgolo kuseri kwa shedi ya alamu ake. Anawasinja pamodzi ndi makoko a mtedza ndi luzi la nthochi mpaka zonse zinasalala, kenako anaumba m'zitini. Timiphikato tinkaoneka bwino zedi, koma mayi wa mbande atangotithirira madzi, tinaphwasuka. Anaumbanso, tinaphwasukanso. Mitambo inayamba kuda, ndipo mkulu wake anamugulira chikwama cha ulendo.

Tsiku lina alamu ake anasuzumira mumtondo.

"Mlamu, phala limeneli mwana wake ali kuti?"

"Musandiseke, alamu. Ndasinja mpaka matuza."

"Ndiye vuto lakelo. Mukusalalitsa kwambiri ngati mukusefa ufa."

Alamuwo anatola utuchi n'kuufinya m'dzanja, ndipo unamwazika. Kenako anamupatsa kathabwa kuti athyole, koma kanangopindika.

"Mtengo ndi womwewo," anatero. "Koma m'kathabwamu mitsempha idakali yaitali."

Mtsikanayo anamva. Anasinja mapepala ndi makoko okha, luzi analidula lalitali ngati chala n'kulisakaniza pomaliza. Alamu ake anamubwereka chopanira matabwa kuti azifinyira madzi, namuuza moseka kuti akachiwononga, malipiro ake adzawapezere mkazi wina.

Timiphika tatsopanoto tinali taubweya, tosakongola n'komwe. Mayi wa mbande anatithirira m'mawa ndi madzulo mpaka tomato anakula, koma tinali chiimire. Atakwirira kamphika kamodzi m'munda, mizu inaboola, kamphikako n'kuwolera momwemo.

Mvula inamupeza akuumba, ndipo kokalera ana kuja sanapitenso. Lero amagwira ntchito ndi atsikana anzake, ndipo mkulu wake ndiye amamusakira mapepala.

Inunso, chinthu chikakukanikani, musafulumire kunena kuti mutu wanu ndi wouma. Mwina khama lilipo, kwangotsala kusintha kagwiridwe. Funsani, yesaninso, ndipo mtima musautaye.