Zimene chipewa cha a Kachingwe chinabisa

Lamlungu lapitali, tikutuluka m'tchalitchi ku Marikana, munthu anandimenya paphewa. Kucheuka, a Kachingwe! Mutu wometedwa mbali imodzi, chipsera chili poyera, koma akuyenda okha.

"Iwe Layisoni, sunakwatirebe? Joni yonseyi wasowa mkazi?"

Abale, chibadwire sindinakondwerepo ndi chipongwe ngati tsiku limenelo. Ndinaseka mpaka misozi, chifukwa mwezi wathawu bambo amenewa ankandiyang'ana ngati mlendo.

A Kachingwe ndi a ku Dedza, mmodzi wa machona amene anabwera kale pakontirakiti ya mgodi. Pano akudya penshoni. Ndi iwo anandisunga nditangofika kuno mu 1995. Posachedwapa, mwadzidzidzi, anayamba kuiwala. Akazi awo, a Nachisale, ankawatchula dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale. Mwendo wina unkakwakwaza pansi. Tsiku lina anasochera pa renki ya mathekisi ku Rustenburg.

Ndiye ife Amalawi tonse tinasanduka madokotala. Awa akuti ndi ukalamba. Awo akuti awalodza chifukwa cha penshoni. Mapeto ake tinagwirizana zimene timachita nthawi zonse tchona akasokonekera mutu: akwere basi, akafere kwawo.

A Nachisale anakana. "Kumudziko akawasamala ndani? Owadziwa onse anatha. Akangowatsekera m'nyumba ngati wamisala. Ayambe awaona adokotala."

Tinawaperekeza atatu: a Nachisale, ine ndi a Mbewe, mnzawo wa pansi pa mgodi. Dokotala wake, mayi wachitswana, anafunsa mafunso mpaka tinatopa. Zinayamba pang'onopang'ono kwa zaka, kapena posachedwa? Amadandaula mutu? Anagwapo?

"Sanagwepo," anatero a Nachisale.

A Mbewe anayang'ana pansi, nkutsokomola. "Ayikona, mayi. Madala anagunda mutu pachitseko cha thekisi ku Mogwase, mpaka anakhala pansi. Anandilumbiritsa kuti ndisanene."

A Nachisale anakuwa: "Ndiye chipewa chija! Mlungu wathunthu ankagona nacho, amvekere mphepo!"

Mukudabwa? Funsani mkulu aliyense wa mgodi. Masiku awo, munthu ukavulala unkabisa, kuopa kuti akulemba wosatha ntchito nkukubweza kumudzi. Bala ankaliphimba ndi chisoti. A Kachingwe anasiya ntchito kalekale, koma mantha aja sanawasiye.

Dokotala anawatumiza ku Pitoriya kukajambula m'mutu. Anapeza magazi ataundana pansi pa chigaza, akufinya ubongo. Anaboola kabowo nkuwatulutsa. Patangopita masiku ochepa, madala anadzuka nkufunsa amene wabwereka njinga yawo.

Musandimve molakwa. Dokotalayo anatiuza kuti matenda oiwalaiwala a okalamba alipodi, amayamba mwakachetechete, ndipo sachiritsika. Si ufiti, ndi ubongo umene ukufooka, ndipo banja likadziwa limaphunzira kumusamala munthu. Koma anati pali matenda ena amene amafanana nawo, pamene mankhwala kapena opaleshoni zingathandize. Kuti usiyanitse, uyenera kufunsa ndi kupima. Ife tinafunsa chiyani? Safunsa anadya phula, ndipo ife tinatsala pang'ono kuwadyetsa a Kachingwe.

Chimene chikundisangalatsa nchakuti njira yake si yovuta. Mkulu akayamba kusokonekera, pitani naye kuchipatala. Tenganinso mnzake wakale, amene amadziwa zimene mkazi ndi ana sauzidwa. Ndipo inu abambo athu, kontirakiti inatha. Palibe kapitawo amene akubwezeni chifukwa cha chotupa cha pamutu.

Lamlungu lija a Nachisale anabwera atanyamula chipewa chija m'manja. A Kachingwe atachipempha chifukwa cha dzuwa, mayi anachikumbatira pachifuwa.

"Mutu umenewu ndiziuona tsiku lililonse," anatero.

Tonse tinafa ndi phwete. Koma pobwerera kunyumba ndinadutsa pamene basi ya ku Malawi imaima, ndipo chimwemwe changa chinathera pomwepo. Pamalo pomwepo takhala tikuperekeza akuluakulu ena osokonekera mutu, tikuimba nyimbo, tikudziyesa achifundo.

Mwa amene tinawakweza aja, ndi angati anali ndi chipewa chimene palibe anachivula?