Mapaipi Makumi Anayi a Penti Yofiira

A Dagadu Narkhede agwira ntchito pa fakitale ya mapaipi ku Jalgaon zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anayamba ngati wosenza mapaipi kukweza m'malole. Sukulu analekezera panjira, koma maso awo sanamizika, choncho patapita zaka zinayi anawapatsa benchi loyesera. Mpaka lero ali pomwepo.

Mapaipi a pafakitalepo ndi aja alimi a nthochi amatsitsira m'chitsime kuti pampu ikoke madzi. Paipi yotere ikakhala ndi kabowo, ngakhale kochepa ngati tsitsi, sidontha kuti munthu aone. Imayamwa mpweya, pampu n'kumangolira yopanda madzi, nthochi n'kufota. N'chifukwa chake a Dagadu sayesa pothira madzi. Amatseka paipi kuwiri konse ndi zotsekera za mphira, pampu yawo n'kuyamwa mpweya wonse wa m'kati. Kenako amatseka valavu n'kuyang'ana singano ya geji mphindi imodzi yathunthu. Singano ikaima nji, paipi ipite. Ikayamba kubwerera, ndiye kuti mpweya ukulowa penapake. Paipiyo amaipaka penti yofiira, ikagayidwe.

Pansi pa benchi amasungapo kapaipi kachitsulo kotalika ngati mkono, kamene amadziwa bwino kuti kalibe bowo. Amakatcha Mboni. M'mawa uliwonse amayamba ayesa kameneko, kuti adziwe ngati makina awo eni ali bwino asanaweruze ntchito ya anzawo.

Mnzawo wamkulu ndi a Sikandar Tadvi, amene amayendetsa makina osungunula pulasitiki n'kutulutsa mapaipi. Zaka zawo n'zofanana. Masana amadyera limodzi pansi pa mtengo wa nimu, mkate wa mapira ndi mabiringanya owotcha, akunyozana.

"Iwe wopenta, lero wandiphera angati?"

"Awiri okha. Ukadapanda kuwodzera sakadafa."

"Ndimawodzera chifukwa cha nkhope yako, imagonetsa tulo."

Chaka chatha, pa tsiku la Dasara, chikondwerero chimene anthu amalemekeza zida zawo zogwirira ntchito, makina onse anapuma monga mwa mwambo. Anawatsuka, anawapaka ufa wofiira, n'kuwaveka nkhata za maluwa achikasu. A Dagadu anakongoletsa okha benchi lawo. Geji anaiveka nkhata ziwiri, ndipo maluwa otsala anawaunjika pakamwa pa chotsekera, pomwe pampu imayamwira mpweya.

M'mawa mwake lole ya ku Raver yodzatenga mapaipi inali itaima kale pageti, dalaivala akuliza hutala. Kapitawo, a Bhangale, ankayenda uku ndi uku foni ili kukhutu. A Dagadu anasesa maluwa ndi dzanja, n'kuyatsa pampu. Mboni sanaiyese. M'zaka zonsezo linali tsiku lachitatu kuidumpha, ndipo masiku awiri oyambawo sipanachitike kanthu.

Paipi yoyamba, singano inabwerera. Penti. Yachiwiri chimodzimodzi. Pofika teni koloko mapaipi makumi anayi anali atagona pambali, onse ofiira, ndipo onse anali ochokera pa makina a Sikandar.

A Bhangale anaitanitsa a Sikandar anthu onse akuona.

"Madala, taonani apa. Ndi mapaipi awa kapena sefa?"

"Bwana, makina ndinawachuna monga mwa masiku onse."

"Masiku onse ake ati? Chaka chino ndakuchenjezani kawiri. Maso atha, manja akunjenjemera, koma kupuma simufuna. Basi. Kalata yokuchotsani ntchito muipeza kuofesi isanakwane nkhomaliro."

"Bwana, mwina pali china..."

"China chake chiti? Singano ya a Narkhede inanamapo? Tandiuzeni, inanamapo?"

A Sikandar anayang'ana mnzawo. Anavula magolovesi, n'kuwapinda bwinobwino, n'kukakhala pa thumba la ufa wa pulasitiki. Pa msinkhu wawo palibe fakitale ina ikanawalemba. Aliyense pamenepo ankadziwa.

A Dagadu anabwerera pabenchi. Mawu a kapitawo aja anali owayamikira, koma sanawakome. Anaima n'kuganiza. Mabowo sagwirizana. Lina limabweza singano msangamsanga, lina pang'onopang'ono. Koma lero mapaipi makumi anayi onse anabweza singano mofanana ndendende, ngati asilikali pa perete.

Anawerama, natulutsa Mboni, naitseka kuwiri. Pampu inayamwa. Anatseka valavu. Singano inabwerera, liwiro lomwe lija.

Palibe amene ankawayang'ana. Akanatha kukonza mwakachetechete nthawi ya nkhomaliro, madzulo n'kunena kuti makina a Sikandar achira okha. Dzina lawo likanatsala loyera. Koma kalata ikanakhala itasainidwa kale, ndipo a Bhangale si munthu wobweza siginecha.

"Bwana Bhangale!" Anakuwa kuti amve ndi a kuofesi omwe. "Bwerani kuno. Iwenso Sikandar, dzuka, usakhale ngati wamasiye."

Anthu anasonkhana. A Dagadu anayesanso Mboni pamaso pawo.

"Kachitsulo aka kalibe bowo, nonse mukukadziwa. Mwaiona singano? Chodontha si mapaipi. Ndi benchi langa."

Anatenga sipanala n'kumasula valavu. M'kati, pomwe imayenera kutseka thithithi, panali kachidutswa ka duwa lachikasu, kophwanyika, kochepa kuposa chikhadabo. Pampu inali itakayamwa m'mawa uja. Anakatola ndi nsonga ya waya n'kukaika pachikhatho.

"Ndani anaika maluwa pakamwa pa chotsekera?" anafunsa a Bhangale.

"Ndine."

"Nanga Mboni yanuyo m'mawa inati chiyani?"

"Sindinaifunse. Ndinamvera hutala."

Wina kumbuyo anaseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. A Bhangale anapukuta thukuta pamphumi.

"Ndiye lole yaima maola atatu chifukwa cha duwa? Mwini fakitale ndikamuuza kuti chiyani?"

"Mukamuuze zomwe mwaonazi. Pepala muli nalo kale. Fufutani dzina la Sikandar, mulembepo langa."

"Mukudziwa kuti likhala chenjezo lolembedwa? Loyamba m'faelo mwanu?"

"Ndikudziwa. Faelo yopanda kanthu inandidyetsapo chiyani? Ndipatseni maola awiri, lole ipita."

Anatsuka valavu, naimanga, nayesa Mboni. Singano inaima nji. A Sikandar anavalanso magolovesi osauzidwa ndi munthu, nayamba kunyamula mapaipi ofiira aja kubwera nawo pabenchi, imodziimodzi. Iliyonse ikapambana ankaipukuta penti ndi sanza ya mafuta.

"Zaka zonsezi ukundipenta," anatero akupukuta, "kani wodontha ndiwe."

"Tseka pakamwa, ukulowetsa mpweya."

"Chaka chamawa maluwa ukaveke mkazi wako. Makina asiye."

"Mkazi wanga alibe valavu yoti n'kutseka."

Mapaipi makumi atatu ndi asanu ndi anayi anapambana. Yomaliza singano inatsika pang'onopang'ono. A Dagadu anayesanso Mboni, kenako paipiyo kachiwiri. Inatsikanso. Anaviika bulashi m'chitini.

"Iyi yokha ndi yako, Sikandar."

A Sikandar anaitembenuza, naiyang'ana pakuwala, napeza kamzere kopyapyala pafupi ndi kumapeto.

"Ndi yangadi," anatero. Anaisenza paphewa n'kupita nayo kokagaya.

Chenjezo la a Dagadu linafika pabenchi cha m'ma thuu koloko. Analiwerenga lonse, nasaina. A Sikandar anali atayatsa kale makina awo.