Nati Kunsi kwa Mkono wa Gumbagumba

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga.

Zipani zambiri zitangoyamba kumene, ndinkakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina pa Njuli. Anthu anali atathamangira ku makaseti. Oimba mbale pa gumbagumba tinatsala awiri, ine ndi alamu anga a ku Mpama, amene anakwatira mlongo wanga. Mlongo wangayo anali atamwalira, chaka chisanathe.

Gumbagumba yanga inali ndi mkono woongoka, wapulasitiki. Yawo alamu anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Mkono wake unali wachitsulo, wokhota ngati chikwakwa, ndipo kumbuyo kwake kunali kachitsulo kopotokola kolembedwa manambala, kochepetsera kulemera kwa singano. Ine sukulu ndinalowa ya kwacha nditamera kale imvi, choncho nthawi imeneyo manambalawo ankangondiyang'ana. Alamu ankawerenga.

"Singano izitera pa mbale ngati ntchentche, alamu," ankatero. "Yanuyo imagwa ngati khasu."

"Mkono wokhota ndi wa mbala," ndinkawayankha. "Munthu wachilungamo mkono wake ndi woongoka."

Tinakangana miyezi, mpaka tinapangana zoyesa. Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi ndinamanga gumbagumba yanga panjinga, ulendo ku Mpama. Tebulo limodzi, batire imodzi yagalimoto, mbale imodzi. Singano ikalumpha, mwini wake alandire njere ya chimanga. Alamu anatulutsa mbale ya nyimbo za gitala imene mlongo wanga ankaikonda akamasita zovala. Inali itakandika pang'ono pakati. Anati ndiyo yabwino kuyesera chifukwa ankaidziwa mzere uliwonse.

Dzulo lake ndinali nditamata nati yanjinga ndi phula kunsi kwa mutu wa mkono wanga. Ena ankaika ndalama yachitsulo pamwamba, poonekera. Ine ndinabisa. Sindinganame kuti sindinkadziwa, pakuti kukonza zinthu inali ntchito yanga. Singano yolemedwa silumpha chifukwa imalima. Yangayo inalinso yobuntha.

Tinaimba mosinthana, kasanu kasanu. Ya alamu inkalumpha pokandika paja ulendo uliwonse. Yanga inkangodutsa. Ulendo wachitatu ndinaona kafumbi kakuda pa singano yanga, ndinakauzira alamu akuyang'ana kumbali. Ndikanatha kunena kuti zakwana, tileke. Ndinkafuna njere zawo zifike zisanu.

Komaliza mbale inali pa gumbagumba ya alamu. Gitala inkamveka ngati ikulira m'nyumba yamalata mvula ikugwa. Mawu a woimba anali atasasa. Alamu anainyamula mbaleyo n'kuipendeketsa padzuwa. Mizere inali itatuwa. Anaipukuta ndi malaya, anaimbanso, chimodzimodzi.

"Ndi mkono wangawu," anatero. "Zaka zonsezi wakhala ukudya mbale ya mlongo wanu, ine n'kumawerenga manambala ngati wanzeru."

"Mwina batire yafooka," ndinatero.

"Batire siituwitsa mbale, alamu. Mwapambana. Mawa ndibwera nayo pa Njuli, muchotse chikwakwachi, mundiikire woongoka ngati wanu. Mbale zotsalazi zonse ndi za mlongo wanu. Ndisaziwonongenso."

Anali ndi mbale zina zisanu ndi ziwiri m'katoni, zokutidwa ndi chitenje cha malemuyo. Ndinaziona. Ndinamanga gumbagumba yanga panjinga, mutu wa mkono utayang'ana pansi kuti nati isaoneke, ndipo njira yonse ndinkakonza mawu oti ndidzawauze. Mawu analipo, ochepa, osavuta. Alamu anakhala zaka zina zingapo asanamwalire, ndipo aliyense wowafunsa za magumbagumba ankamutumiza kwa ine, amvekere ndine wodziwa mikono.

M'mawa wotsatira Lamlungu lija, alamu anafika dzuwa lisanakwere, gumbagumba ataisenza pamutu kuopa mabampu. Anakhala pa benchi n'kumaonerera. Ndinafufuza m'bokosi la zinthu zakufa, ndinapeza mkono woongoka wa sipuling'i yolimba. Ndinauyesa pachala, ndinamva kuti ukukanikiza kwambiri kuposa wawowo. Ndinamasula tizitsulo titatu, ndinachotsa mkono wokhota uja, ndinamangirira woongokawo.